Chikombole Chimodzi, Njerwa Zikwi



Ndiyambe ndi dzina la munthu. Zaka zingapo zapitazo anandiitana kuti ndikaone webusaiti ya bungwe lina laling'ono limene limaphunzitsa achinyamata ntchito zamanja. Dandaulo lawo linali lakuti fomu yolembetsera ikusankha anthu. A Banda akalemba, zinkatheka. A Phiri, a Mwale, chimodzimodzi. Koma a Ng'oma akangodina batani lotumizira, tsamba linkayera mbee, pamwamba n'kutuluka mzere umodzi wa Chingerezi wonena kuti database sikumva zimene yauzidwa. Kalaliki wa pamalopo, pofuna kuti ntchito isaime, anayamba kuuza anthu kuti azichotsa kachizindikiro ka pakati pa g ndi o. Motero dzina la ng'oma yovinira linkasanduka la ngoma, nyama ya m'tchire, ndipo linkapita momwemo mpaka pa satifiketi.

Nditatsegula mafayilo ndinapeza mizere inayi imene mnyamata womanga webusaitiyo anaitenga pa intaneti. Mizereyo inkagwira ntchito yotenga zimene munthu walemba pa fomu n'kuziika mu database. Anaikopera m'mafayilo oposa khumi: polembetsa, pofufuza dzina, polipira, posindikiza satifiketi. Sindikumunyoza mnyamatayo, chifukwa anachita zimene ambiri a ife tinaphunzira kuchita. Koma nkhani yanga yonse ya lero ili m'mafayilo amenewo.

Tibwerere kaye m'mbuyo. Webusaiti yoyamba, imene Tim Berners-Lee anaitsegulira anthu mu 1991 ali ku CERN pafupi ndi Geneva, inali ngati chikwangwani cha pamsewu. Wolemba walemba, penti wauma, aliyense wodutsa awerenga zomwezo. Fayilo ili pa seva, browser yapempha, seva yatumiza momwe ilili. Masamba amene timakhala nawo tsiku ndi tsiku sali choncho. Mukalowa kuti muone zotsatira za mayeso anu kapena ndalama zimene zatsala mu akaunti, tsamba limene mukuliona kunalibe mphindi imodzi yapitayo. Pempho lanu litafika, pulogalamu ya pa seva inadzuka, inafunsa database, inatenga mutu wa tsamba uku, mndandanda uko, dzina lanu apa, n'kusoka tsamba la inu nokha. Chimene chafika pa foni yanu ndi HTML basi. Code imene yasoka tsambalo simuiona, yatsala ku seva, monga mmene wodya mu lesitilanti saona kukhitchini.

Njira yochitira zimenezi inayamba kuoneka mu 1993 ku NCSA, pa University of Illinois, kumene Rob McCool ndi anzake ankalemba pulogalamu ya seva. Kumeneko kunachokera CGI, pangano la mmene seva ingaitanire pulogalamu ina kuti iyankhe pempho. Kunachokeranso kanthu kena kakang'ono kotchedwa Server Side Includes, ndipo ndikufuna tikhalitsepo pang'ono, chifukwa aliyense womvetsa kameneka wamvetsa theka la phunziro lino. Mkati mwa tsamba mumalemba mzere umodzi wouza seva kuti pamalo pano ikapo zimene zili mufayilo yakutiyakuti. Taganizani sukulu ya masamba 60, lililonse lili ndi nambala ya foni ya ofesi kumunsi kwake. Nambala ikasintha, wosamalira webusaiti atsegula mafayilo 60, atopa, aiwala atatu, ndipo kholo lina lidzaimba nambala yakufa kwa chaka chathunthu. Koma ngati kumunsiko kuli mufayilo imodzi imene masamba onse amangoiitana, asintha kamodzi, masamba onse asinthiratu.

Woumba njerwa sasema njerwa iliyonse payokha. Amakhoma chikombole chimodzi, n'kumaponyamo dothi. Chikombole chikakhala chowongoka, khoma limawongoka. Chikapindika, njerwa zonse za mu uvuni zipindika mofanana, koma ubwino wake n'ngwakuti mukudziwa pokonza: pamodzi pokha. Tsoka lili kwa amene anakhoma zikombole khumi potengera chopindika chija, n'kuzigawa kwa aganyu khumi, ena mpaka anapita nazo kumidzi ina.

Maganizo amenewa ndi akale kuposa intaneti. Mu 1968, pa msonkhano wa akatswiri a mapulogalamu ku Garmisch m'dziko la Germany, Douglas McIlroy wa ku Bell Labs anadandaula kuti opanga makina amagula zipangizo zopangidwa kale m'makatalogu, pamene olemba mapulogalamu amayamba chilichonse pachiyambi. Iye ankafuna kuti code nayo izikhala ndi zipangizo zake zoti munthu angotenga n'kumangira. Webusaiti ndiyo inadzakwaniritsa lotolo kwa anthu wamba. Mu 1994 Rasmus Lerdorf, wobadwira ku Greenland, analemba timapulogalamu tingapo m'chinenero cha C kuti azidziwa amene akuwerenga tsamba la mbiri yake ya ntchito. Mu June 1995 anatitulutsa kuti aliyense atenge, pa dzina loti Personal Home Page Tools, mwachidule PHP. Sanakhale pansi kuti apange chinenero. Anangosonkhanitsa tizidutswa tothandiza. Zeev Suraski ndi Andi Gutmans, ophunzira a ku Technion ku Haifa, analembanso mtima wake wonse, ndipo PHP 3 inatuluka mu 1998. Microsoft inali itatulutsa kale ASP mu 1996, ColdFusion inalipo kuyambira 1995, koma PHP, pamodzi ndi Apache ndi MySQL, inali yaulere, ndipo inalola munthu kuyamba ndi tsamba la HTML n'kulowetsamo mizere iwiri yokha ya code. Mawu ake awiri, include ndi require, ndi chikombole chomwe chija. Tsegulani theme yachikale ya WordPress, pulogalamu imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003 ndipo lero imayendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse, mudzapeza header.php ndi footer.php zikuitanidwa ndi tsamba lililonse.

Choncho musamve ngati ndikuletsa kubwereka. Kwathu moto timapala kwa mnansi, ndipo palibe amachita nazo manyazi. Chimene ndikusiyanitsa ndi zinthu ziwiri zimene pakamwa timazitchula mofanana. China ndi kuitana kachidutswa kamene kali pamalo amodzi, kodziwika mwini wake, koti kakakonzedwa kukonzako kafika paliponse. China ndi kukopera, pamene kachidutswako kaduka mchombo, sikadziwanso kwawo, ndipo mwini wake ngakhale atapeza cholakwa alibe njira yokupezerani.

Mbiri ya intaneti ili ndi manda ambiri a njira yachiwiriyi. Mu 1995 Matt Wright, mnyamata wa sekondale ku Fort Collins ku Colorado, anayamba kugawa timapulogalamu ta Perl pa malo otchedwa Matt's Script Archive: kowerengera alendo, ka buku la alendo, ndi kotchuka kwambiri, FormMail, kamene kankatenga zolembedwa pa fomu n'kuzitumiza pa imelo. Anathandiza anthu osawerengeka amene sakanatha kulemba okha. Koma m'makope oyambirira, adiresi yolandira imeloyo inkalembedwa mu fomu momwemo, mobisika pang'ono chabe. Otumiza mauthenga achabechabe anazindikira kuti akhoza kusintha adiresiyo, n'kusandutsa seva ya mwini wake kukhala positi ofesi yawo yaulere. Makope okonzedwa anatuluka, gulu la London Perl Mongers linalembanso ena otetezeka oti alowe m'malo, koma makope akale anakhalabe m'maseva zaka ndi zaka, chifukwa amene anawaika anali ataiwala kuti alipo.

Mu August 2011 zinachitikanso ndi TimThumb, fayilo imodzi ya PHP yochepetsera zithunzi. Opanga ma theme a WordPress ambirimbiri anaikopera m'katundu wawo. Inkalola kutenga zithunzi kuchokera ku malo ochepa odalirika monga Flickr, koma poyang'ana adiresi inkangoona ngati dzina lodalirikalo likupezekamo penapake. Wakuba ankangopanga adiresi yake yokhala ndi dzinalo mkati, n'kutumiza pulogalamu yake itavala ngati chithunzi, seva n'kuisunga pamalo oti ikhoza kuyendetsedwa. Chowawa n'chakuti munthu amene ankasintha WordPress yake mokhulupirika sanapulumuke, popeza TimThumb sinali mbali ya WordPress. Inali m'chikwatu cha theme, nthawi zina theme imene mwini wake anaiyesa kamodzi n'kuisiya. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mwina mukuti amenewo anali anyamata ongoyamba. Imvani iyi. Mu 2010 katswiri wina, Andreas Lundblad, anayankha funso pa Stack Overflow ndi mizere yochepa ya Java yosandutsa kukula kwa fayilo kuti kuwerengeke ndi munthu. Ofufuza anadzapeza kuti kachidutswa kameneka kanakoperedwa m'mapulojekiti a pa GitHub kuposa yankho lina lililonse la Java limene anaunika. Mu 2019 Lundblad yemweyo analengeza kuti kanali ndi cholakwa: mukakapatsa 999,999 kankalemba 1000.0 kB m'malo mwa 1.0 MB. Anachita zaulemu, anakonza yankho lake. Koma amene anakopera zaka zonsezo sanalandire kalata.

Tsopano tibwerere kwa a Ng'oma. M'chinenero cha SQL, chimene timalankhulira ndi database, mawu wamba amatsekulidwa ndi kachizindikiro kaja ndipo amatsekedwa ndi komweko. Mizere inayi ija inkangolumikiza dzina la munthu pakati pa lamulo. Database ikawerenga, inkaona N, g, kenako kachizindikiro, n'kuganiza kuti dzina lathera pomwepo. Zotsalazo, oma, inkayesa kuziwerenga ngati lamulo, n'kulephera. Taonani tsono chimene chili kuseri. Ngati dzina la munthu wosalakwa lingatseke mawu mwangozi, munthu wa mtima woipa angawatseke dala, n'kulemba lamulo lakelake pambuyo pake: ndipatse mayina onse, fufuta kaundula yense, ndilowetse ngati mkulu wa ofesi. Imeneyi ndiyo SQL injection. Jeff Forristal anaifotokoza m'magazini ya Phrack mu December 1998, ambiri a inu musanabadwe, koma ikudyabe anthu. Mu October 2015 kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain inaberedwa mbiri ya makasitomala 156,959 kudzera pa masamba akale amene inatengera kwa Tiscali pogula kampaniyo mu 2009, ndipo inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000.

Ine ndimaona kuti chilankhulo chathu chimatichitira chifundo pamenepa. Wolemba mapulogalamu wa kwina akhoza kutha zaka osakumana ndi dzina lokhala ndi kachizindikiroka, bowo lili chitsegukire. Ife tili ndi ng'ombe, Mang'anja, m'mudzi, pang'ono; fomu yathu ikakhala yobooka, sabata siitha isanalire. Kulira kumeneko ndi chenjezo, ndipo choipitsitsa chimene mungachite ndi kulitseka pakamwa, kaya pouza anthu kuti asinthe mayina awo, kaya pokopera kachidutswa kena kochotsa zizindikiro. Mankhwala enieni ndi prepared statement. Mumatumiza lamulo palokha, lili ndi mipata, kenako mumatumiza zodzaza m'mipatamo padera, ndipo database siingasokoneze ziwirizi ngakhale munthu atalemba chiyani. PHP ili ndi PDO yochitira zimenezi kuyambira 2005. Njira yakale ija ya mysql_query inachotsedwa mu PHP 7 mu 2015, komabe maphunziro oiphunzitsa adakali mbwee pa intaneti, ndipo ndi amene amayamba kutuluka mukafufuza mwachangu usiku woti mawa mupereke ntchito.

Anthu a ntchito yathu anaphunzirapo kanthu pa mabala onsewa. Mu 2012 Nils Adermann ndi Jordi Boggiano anatulutsa Composer. Mumalemba mufayilo imodzi, composer.json, zonse zimene mwabwereka ndi mtundu wake, ndipo Composer imakatenga ku nkhokwe ya Packagist. Mchombo sunaduke: mwini akakonza, lamulo limodzi likubweretserani zokonzedwazo, ndipo lamulo la composer audit limakuuzani ngati china mwa zobwereka zanu chadziwika kuti n'chobooka. A Python ali ndi pip, a Node ali ndi npm, a Perl anatsogola kale ndi CPAN mu 1995.

Koma nako kuno kuli dzenje lake. Mu March 2016 Azer Koçulu, atakangana ndi oyendetsa npm pa nkhani ya dzina la phukusi lina, anachotsa maphukusi ake onse. Limodzi mwa iwo, left-pad, linali la mizere 11 yokha, longowonjezera mipata kumanzere kwa mawu. Mapulojekiti zikwizikwi, ena akuluakulu ngati Babel, analephera kumangika mpaka npm italibwezeretsa. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Ndiye muyezo wanga ndi uwu, ndipo ena akhoza kutsutsa. Chinthu choti mungachilembe pa mphindi khumi n'kuchimvetsa chonse, lembani nokha, muike mufayilo yanu imodzi. Chinthu choti mukalakwitsa anthu avulala, monga kusunga mapasiwedi, kubisa uthenga, kulowetsa anthu mu akaunti, musayese n'komwe kupeka. Tengani chimene maso ambiri achiona ndipo chili ndi ochisamala amoyo. PHP ili ndi password_hash kuyambira 2013. Mukaona kachidutswa kosunga mapasiwedi ndi MD5, dziwani kuti mwatola chakale chowola.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu masiku ano simufufuzanso, mumangofunsa ChatGPT kapena anzake. Sindikuletsani. Koma chimene chikutuluka mmenemo ndi kukopera komwe kuja, ndipo n'koposa, chifukwa kulibe ndi mwini yemwe woti tsiku lina adzalengeze kuti analakwitsa. Werengani mzere uliwonse. Umene simungathe kuufotokozera mnzanu wa pambali panu usalowe mu seva ya anthu.

Pali mbali ina imene imandikhudza kwambiri, ndipo ndi pamene ndikuona ntchito yanu. Tizidutswa tambiri ta pa intaneti tinalembedwa ndi anthu oganizira kwawo, ndipo sanalakwe. Fomu yawo imafuna State ndi ZIP code. Munthu wathu ali ndi mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Nambala ya foni imodzi yomweyo wina ailemba kuyambira ndi 0, wina ndi 265, wina ndi +265, wina aika mipata pakati. Ngati mukufuna kutumiza uthenga kapena kulandira malipiro a Airtel Money ndi Mpamba, pafunika kachidutswa kamodzi kosandutsa zonsezi kukhala mtundu umodzi, koitanidwa ndi fomu iliyonse. Maboma athu 28 akhale pa mndandanda umodzi, kuti pasapezeke tsamba lina limene Neno idakali mkati mwa Mwanza. Seva yanu mwina ili ku Europe kapena ku America ndipo ikuyendera nthawi ya UTC, pamene ife tili patsogolo ndi maola awiri. Mukapanda kuiuza kamodzi, pamalo amodzi, kuti nthawi yathu ndi Africa/Blantyre, lisiti ya munthu wolipira 1 koloko usiku idzalembedwa deti ladzulo. Nanga chilembo chija cha ŵ? Mukaona Malaŵi atasanduka MalaÅµi pa tsamba, dziwani kuti fayilo, database ndi tsamba sizinagwirizane kuti zonse zilankhule UTF-8. Zonsezi zimakonzedwa mufayilo imodzi yolumikizira database ndi ina imodzi ya mutu wa tsamba, ngati munamanga moti mafayilo oterowo alipo.

Ndiponso musaiwale amene akutsegula tsamba lanu. Ambiri ali pa foni yaing'ono, netiweki ikubwera n'kumapita, bandulo akuiwerengera ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Seva ikasoka tsamba n'kutumiza HTML yopepuka, ntchito yolemetsa yachitikira kwa inu. Mukatumiza mtolo wa JavaScript kuti foni yake isoke yokha, mwamusenzetsa katundu wanu, ndipo walipira ndi iye. N'chifukwa chake ine sindiona luso la ku seva ngati lachikale, ngakhale mafashoni a ntchito yathu amasintha chaka ndi chaka.

Zida zazikulu zimene timazilemekeza zinayamba ngati mafayilo otere. Django inabadwira mu nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, kwa anthu otopa ndi kulemba zomwezomwezo nkhani iliyonse ikabwera, ndipo inatulutsidwa mu 2005. Ruby on Rails David Heinemeier Hansson anaizula mu pulogalamu ya Basecamp mu 2004, ndipo Rails yomweyo inadzagwira ntchito kuno kwathu m'makompyuta okhudza pagalasi amene a Baobab Health anaika m'zipatala. Palibe chokuletsani inu, kalasi ino, kusonkhanitsa kachidutswa ka manambala a foni, ka maboma, ka kulemba makwacha, ka masiku ndi miyezi m'Chichewa, kuziyesa bwinobwino, kulembapo mayina anu ndi chilolezo chogwiritsira ntchito, n'kuziika pa Packagist kuti wa ku Mzuzu ndi wa ku Nsanje aziitana m'malo mokopera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo cholakwa chimene wa ku Mzuzu angachipeze chidzakonzedwa kwa onse. Kumbukiraninso kuti mayina, manambala ndi mbiri zimene mafomu anu akusonkhanitsa ndi za anthu, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zimenezi, Data Protection Act. Kunena kuti ndinangokopera pa intaneti sikudzamuthandiza munthu amene mbiri yake yatayika.

Ku bungwe lija tinakhala masiku awiri, ine ndi mnyamata uja. Sindinamulembere, ndinakhala pambali pake. Tinapanga fayilo imodzi yolumikizira database, ina ya ntchito zonse zokhudza ophunzira, yokhala ndi ma prepared statement okhaokha, kenako tinayenda fayilo ndi fayilo kuzula mizere inayi ija n'kuikapo mzere umodzi woitana. Pofufuza komaliza tinapezanso makope awiri m'chikwatu chotchedwa old, chimene aliyense ankayesa kuti sichigwira ntchito, chikhalirecho chinkatseguka kwa aliyense wodziwa adiresi yake. Tinachifufuta. Madzulo a tsiku lachiwiri analemba yekha dzina lija pa fomu, ndi kachizindikiro kake, n'kudina. Linalowa. Mayina a mu database tinawakonza usiku womwewo, mmodzimmodzi, poyerekeza ndi mafomu a pepala amene kalaliki anasunga m'kabati. Masatifiketi amene anali atapita kale ndi eni ake, amenewo bungwe linachita kuimbira anthu foni kuti awabweze adzasindikizidwenso, ndipo pamene ndinkachoka, ena anali asanapezeke.